Mbiri ya Mpumulo wa Amishonale ndi Mabanja Awo: Kuchokera pa Mapiri Kufika mu Mzinda wa Lusaka

Roma ndi dera lokhalamo anthu lomwe lili kumpoto chakum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi msewu wa Great East ndi Yunivesite ya Zambia, ndipo layandikana ndi Kalundu, Olympia ndi komboni ya Ng'ombe. Kwa zaka zambiri derali lakhala likudziwika ndi nyumba za mpingo, monga tchalitchi cha Akatolika, sukulu ya atsikana ya Roma Girls imene amayendetsa asisitere a chipani cha Religious Sisters of Charity chochokera ku Ireland, ndiponso nyumba zina za ansembe ndi asisitere zobisika kuseri kwa mipanda ndi mitengo. Nyumba zotere, zimene zimapezekanso ku Woodlands, Kabulonga, Ibex Hill ndi Chelstone, zili ndi ntchito ina imene mabuku a mbiri ya mpingo saikamba kawirikawiri, ndiyo kulandira mmishonale wotopa amene wachokera kumidzi yakutali, kumupatsa pogona, chakudya, anzake ocheza nawo ndi nthawi ya pemphero, kufikira atapezanso mphamvu zobwerera kuntchito. Mwambo umenewu sunabadwire mu mzinda, pakuti Lusaka inali kasiteshoni kakang'ono ka njanji pamene inakhazikitsidwa mu 1905, ndipo inadzasanduka likulu la Northern Rhodesia mu 1935, mamishoni ambiri atakhazikika kale kumidzi. Mbiri yake imayambira pa manda a amishonale oyamba, ndipo imaonetsa kuti mpumulo, ngakhale unali wofunika kwa aliyense wotumikira kutali ndi kwawo, sunagawidwe mofanana pakati pa Azungu ndi Aafirika amene ankagwira ntchito imodzimodziyo.

Amishonale oyamba kufika m'chigwa cha Zambezi ndi m'mbali mwa Nyanja ya Malawi analibe mpata woganiza za kupumula monga chinthu chokonzeratu, chifukwa nkhawa yawo yoyamba inali kukhala ndi moyo. Mu 1860 mabanja awiri otumidwa ndi bungwe la London Missionary Society, la Holloway Helmore ndi la Roger Price, anafika ku Linyanti kwa Akololo, ndipo m'miyezi yochepa chabe Helmore, mkazi wake ndi ana awo awiri anamwalira, pamodzi ndi khanda la Price ndi ena mwa Atswana amene anawaperekeza, pamene mkazi wa Price naye anafera panjira pobwerera kumwera. Mary, mkazi wa David Livingstone, anamwalira ndi malungo ku Shupanga mu 1862, ndipo Christina, mkazi wa François Coillard wa mishoni ya Paris pakati pa Alozi, anaikidwa ku Sefula mu 1891. M'zaka zonsezi palibe amene ankadziwa kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu, popeza Ronald Ross anadzatsimikiza zimenezi mu 1897. Ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo ndi m'madzi osayenda. Chikhulupiriro chimenechi chinali cholakwa, koma chinawatsogolera ku njira yothandiza, pakuti pothawa mpweya wa m'dambo ankakwera kumtunda kumene udzudzu ndi wochepa.

N'chifukwa chake mpumulo woyamba umene amishonale anaufunafuna unali wa thupi, ndipo malo ake anali phiri. Mishoni ya Livingstonia, imene inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881 itaika kale ena mwa antchito ake m'manda, kenaka mu 1894 Robert Laws anaikweza pa mtunda wa Khondowe kumene kumazizira. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape anamanga ku Mvera mu 1889, ku Kongwe mu 1894 ndi pa phiri la Nkhoma mu 1896, pamene anzawo a ku Orange Free State anayamba ntchito ku Magwero, kufupi ndi Chipata ya lero, mu 1899. Sikuti thanzi lokha ndilo linkasankha malo amenewa, popeza chilolezo cha mfumu, madzi akumwa ndi kuchuluka kwa midzi zinkawerengedwanso, koma zikuonekeratu kuti anthu amene anali ataona anzawo akufa m'chigwa sankafunanso kumanga pansi. Chitsanzo chomveka bwino koposa ndi cha Dr Walter Fisher ndi mkazi wake Anna, a mpingo wa Brethren, amene anakhazikika pa phiri la Kalene, kufupi ndi kasupe wa mtsinje wa Zambezi, cha m'ma 1906. Kuwonjezera pa kuchiza Alunda a m'deralo, Fisher ankafuna kuti malowo akhale kothawirako amishonale odwala ndi ofooka, makamaka amene anali atapulumuka ku mtundu woopsa wa malungo umene umadetsa mkodzo ndi kupha munthu m'masiku ochepa. Ku Nyasaland nako mamishoni anadzamanga tinyumba topumulira pa phiri la Zomba ndi ku Mulanje, kumene mabanja ankakwera m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Mpumulo wachiwiri unali tchuthi chachitali chobwerera kwawo. Mabungwe ambiri a Chipulotesitanti anaika lamulo loti pakatha zaka zingapo, kawirikawiri zinayi kapena zisanu, mmishonale ndi banja lake abwerere ku dziko lawo kwa miyezi yambiri kapena chaka chathunthu, kuti madokotala akawapime ndi kuti magazi awo, monga ankanenera masiku amenewo, akalimbenso m'dziko lozizira. Ulendo wokhawo unkadya milungu yambiri, chifukwa wochokera ku Fort Jameson (Chipata ya lero) kapena ku Mvera ankanyamulidwa pa machila ndi amtengatenga, n'kukwera sitima za kampani ya Mandala pa Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde, n'kudikira kumeneko sitima yaikulu ya panyanja. Njanji yochokera kumwera, imene inaoloka Zambezi pa mlatho wa ku Victoria Falls mu 1905 n'kufika ku Broken Hill mu 1906, inafupikitsa ulendo wa okhawo amene anali kufupi nayo. Tchuthichi sichinali chopumuliratu, pakuti mmishonale ankayenera kuyendera mipingo imene inkamuthandiza, kufotokoza za ntchito yake usiku ndi usiku ndi kupempha ndalama zomangira sukulu ndi zipatala, kotero kuti ambiri ankabwerera ali otopa ndi kutopa kwa mtundu wina.

Chowawa koposa pa tchuthi chimenechi chinali mathero ake, chifukwa ndi pamene ana ankatsala. Makolo ankaopa malungo, ankafunanso kuti ana aphunzire sukulu za kwawo, ndipo ena, kunena mosabisa, ankaopa kuti mwana wokulira pakati pa Aafirika adzatengera chilankhulo ndi makhalidwe amene iwo ankawanyoza. Motero mwana akafika zaka zoyamba sukulu ankasiyidwa kwa azakhali kapena ku nyumba yosungira ana a amishonale, n'kudzaonananso ndi makolo ake patapita zaka zinayi kapena zisanu. Robert ndi Margaret Laws anataya ana angapo pobadwa, ndipo mwana mmodzi yekha amene anakula, Amelia Nyasa Laws, wobadwa mu 1886, anakaphunzira ku Scotland pamene makolo ake ankapitiriza ntchito ku Livingstonia. Sukulu ya Sakeji, imene inatsegulidwa mu 1925 pafupi ndi Kalene, inali yankho la banja la Fisher ndi anzawo pa vuto limeneli, monga mmene Rift Valley Academy ya ku Kijabe ku Kenya, yoyamba mu 1906, inalili kwa amishoni a kum'mawa kwa Afirika. Ana a amishonale a ku Northern Rhodesia, Angola ndi Congo tsopano ankatha kuphunzira m'chigawo chomwecho n'kumabwerera kwa makolo pa tchuthi cha sukulu, ndipo masiku operekeza ndi otenga ana anasanduka nthawi ya chiyanjano kwa makolo amene miyezi yonse sankaonana. Komabe sukulu yogonera komweko inangofupikitsa mtunda, sinathetse kulekana, pakuti mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri ankagonabe kutali ndi amayi ake kwa miyezi yotsatizana. Sukulu ya Chengelo ku Mkushi, yotsegulidwa mu 1988, inadzatsata njira yofananayo m'nthawi ina, ikulandira ana a amishonale pamodzi ndi ana a Azambia.

Akatolika, amene amishonale awo sankakwatira, anakonza nkhaniyi mwa njira ina, ndipo pa mbali ya chiyanjano anaona patali kuposa anzawo. Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha White Fathers mu 1868, analamula kuti ansembe ake asamakhale ochepera atatu pa mishoni imodzi, kuti wina akapita kukayendera midzi ena atsale pamodzi, ndi kuti pasakhale munthu wodya yekha, wopemphera yekha ndi wodwala yekha. Lamulo limeneli analisunga ku Mambwe mu 1891, ku Chilubula, ku Mua mu 1902 ndi ku Kachebere mu 1903, ngakhale kuti linkachepetsa chiwerengero cha mamishoni amene akanatha kutsegula. Ajezuiti, amene anafika ku Chikuni ndi ku Kasisi mu 1905 motsogozedwa ndi Bambo Joseph Moreau ndi Bambo Jules Torrend, anabweretsa mwambo wa Ignasio Woyera wa ku Loyola wotchedwa m'bindikiro, kutanthauza nthawi imene munthu amasiya ntchito zake zonse, nakhala chete, nasinkhasinkha Malembo ndi moyo wake motsogozedwa ndi mlangizi. Mjezuiti aliyense amachita m'bindikiro wa masiku asanu ndi atatu chaka ndi chaka, ndipo kawiri pa moyo wake, poyamba maphunziro ndi powatsiriza, amachita wa masiku makumi atatu. Kasisi, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto chakum'mawa kwa Lusaka, ndi kumene asisitere a ku Poland a chipani cha Little Servants of Mary Immaculate anafika mu 1928, inakhala malo oyandikira mzinda kumene ansembe, asisitere ndipo pambuyo pake akhristu eni ake ankapita kukabindikira, ndiponso kumene Ajezuiti ambiri anaikidwa m'manda.

Apulotesitanti, amene kawirikawiri ankakhala banja limodzi kapena awiri pa mishoni, anapeza chiyanjano chawo m'misonkhano. Ku Nyasaland amishoni a mipingo yosiyana anakumana ku Livingstonia mu 1900, ku Blantyre mu 1904 ndi ku Mvera mu 1910, ndipo kuchokera m'kukumana kotereku munatuluka ntchito yomasulira Baibulo limodzi la Chinyanja, imene William Hoppe Murray anaitsogolera mpaka Buku Lopatulika litasindikizidwa mu 1922. Ku Northern Rhodesia msonkhano waukulu wa amishonale unachitika koyamba ku Livingstone mu 1914, unakumananso ku Kafue mu 1922 ndi 1924, n'kupitirira mpaka utalowedwa m'malo ndi bungwe la Christian Council of Northern Rhodesia mu 1945. Zolembedwa za misonkhanoyi zimakamba za maphunziro, msonkho, malo a Aafirika ndi malire a ntchito pakati pa mishoni ina ndi inzake, ndipo akatswiri a mbiri aiwerenga kwambiri monga bwalo limene amishonale ankatsutsiranapo ndi boma. Koma kwa munthu amene wakhala chaka chathunthu osamva ulaliki wa wina, osaimba nyimbo m'chilankhulo cha amayi ake, osauza mnzake wofanana naye zokhumudwitsa za ntchito, milungu iwiri yodyera pamodzi ndi kupemphera pamodzi inali mankhwala, ndipo kwa akazi a amishonale, amene mayina awo sapezeka kawirikawiri m'mndandanda wa olankhula, unali mwayi wosowa wocheza ndi akazi anzawo za uchembere, matenda a ana ndi kusungulumwa.

Kumbuyo kwa misonkhanoyi kunali chiphunzitso cha ku Keswick, tauni ya ku England kumene kuyambira 1875 akhristu ankasonkhana chaka ndi chaka kufunafuna chiyero ndi kudzipereka kwatsopano, chiphunzitso chimene Andrew Murray wa ku Wellington anachifalitsa ku South Africa ndipo achibale ake anabwera nacho ku Mvera ndi ku Nkhoma. Donald Fraser anachitengera kwa Angoni a kumpoto, kumene kuyambira ku Ekwendeni mu 1898 ankaitanitsa anthu zikwizikwi ku misonkhano ya masiku angapo yothera pa ubatizo ndi Mgonero. Apa chinthu chimene chinakonzedwera kutsitsimutsa amishonale chinalowa m'manja mwa akhristu a m'midzi, ndipo misonkhano ya chitsitsimutso, ya misasa ndi ya amayi a Chigwirizano, Mvano ndi Umanyano, imene ikuchitikabe lero, ili ndi mizu ina kumeneko.

Komabe pali mbali ina ya mbiriyi imene iyenera kunenedwa momveka, ndiyo yakuti ambiri mwa anthu amene anatumikira kutali ndi kwawo m'chigawo chino anali Aafirika, ndipo dongosolo lonse la mapiri, tchuthi chachitali ndi sukulu za ana silinakonzedwere iwo. William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale amene anafika ku Nyanja mu 1876, ndiye anatsegula njira kwa Angoni a M'mbelwa, ndipo anafera ku Njuyu mu 1886. Coillard sakanafika patali pakati pa Alozi popanda alaliki a Chisotho amene anasiya kwawo ndi akazi ndi ana, ena mwa iwo n'kufera komweko. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, anatumidwa ku Msoro pakati pa Akunda, kumene anagwira ntchito yolemetsa yophunzitsa ndi kubatiza mpaka imfa yake mu 1913. David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia, anakhazikika ku Chinsali cha m'ma 1905 pamodzi ndi mkazi wake Helen, pakati pa Abemba amene chilankhulo chawo sichinali chake, ndipo anagwira ntchito kumeneko zaka zingapo mmishonale wa ku Scotland asanadzakhale ku Lubwa mu 1913. Anthu amenewa anali amishonale m'njira iliyonse, koma m'mabuku a mabungwe ankalembedwa monga aphunzitsi, alaliki kapena othandiza, ndipo malipiro awo anali kachigawo kochepa ka malipiro a Mzungu. Chimene chinkafanana ndi mpumulo pa moyo wawo chinali kuitanidwa ku mishoni pa nyengo yotsekera sukulu kuti akaonjezere maphunziro, koma kumeneko ankakayesedwa ndi kudzudzulidwa kwambiri kuposa kutonthozedwa. Maganizo amene anali pansi pa kusiyana kumeneku anali akuti Mwafirika ali kwawo paliponse mu Afirika, ngati kuti Mtonga wa ku Bandawe sasowa abale akakhala ku Chinsali, kapena kuti malungo a ku Luangwa amasankha khungu. Maganizo amenewa anali olakwa, ndipo manda a ku Njuyu ndi ku Msoro akuchitira umboni. Ngakhale ana awo anasenza ulendo wa makolo awo kwa nthawi yaitali, pakuti Kenneth Kaunda, mwana wa David ndi Helen, wobadwira ku Lubwa mu 1924 ndi wolamulira Zambia kwa zaka 27, anatsekeredwa kupikisana pa chisankho cha 1996 ndi lamulo lokhudza kumene makolo a munthu anabadwira, ndipo mu 1999 khoti lina linagamula kuti alibe dziko, chigamulo chimene chinadzathetsedwa pambuyo pake.

Kusamuka kwa mpumulo kuchoka pa phiri kulowa mu mzinda kunachitika pang'onopang'ono, potsata misewu ndi maofesi. Mlatho wa pa Luangwa utamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ulendo wa pa galimoto kuchokera ku Fort Jameson kufika ku Lusaka, wa makilomita opitirira 550, unayamba kutheka m'masiku ochepa, ndipo mankhwala atsopano a malungo amene anafala itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anachepetsa kufunika kothawira kumtunda. Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, zonse zimene mmishonale ankafuna zinasonkhana mu likulu: chilolezo chogwirira ntchito ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, maunduna a zamaphunziro ndi zaumoyo amene ankapereka thandizo ku sukulu ndi zipatala za mishoni, chipatala chachikulu, yunivesite imene inatsegulidwa mu 1966, ndi bwalo la ndege latsopano la mu 1967. Mipingo ndi zipani zinamanga kapena kugula nyumba m'madera atsopano a mzinda, monga nyumba ya White Fathers ku Woodlands, nyumba ya Ajezuiti ya Luwisha pafupi ndi yunivesite, ndi malo ophunzirira asisitere ku Kalundu. Bungwe la ku Germany la Gossner Mission, limene linabwera mu 1970 kudzathandiza Atonga a m'chigwa cha Gwembe amene anasamutsidwa ndi damu la Kariba, linakhala ndi ofesi ndi nyumba ya alendo ku Ibex Hill. Mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene unalandira umwini kuchokera kwa amishoni mu 1966, unasamutsira sukulu yake ya ubusa kuchoka ku Madzimoyo kupita ku Lusaka, kumene lero ili ku Chamba Valley m'dzina la Justo Mwale, mbusa wake woyamba wa Chiafirika wodzozedwa mu 1929. M'nyumba za alendo zoterezi mpumulo unasakanikirana ndi ntchito, chifukwa wobwera kudzagula zitsulo za galimoto, kudzachotsa dzino kapena kudzalandira mlendo ku bwalo la ndege ankapezana pa tebulo ndi wa mpingo wina wochokera ku Mongu kapena ku Kasama, ndipo chiyanjano chimene kale chinkadikira msonkhano wa pa zaka zingapo chinayamba kuchitika mlungu uliwonse popanda wochikonza.

Zochitika za ndale zinalimbitsa udindo umenewu wa Lusaka. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ndi odziimira pa 11 Novembala 1965, ndipo makamaka malire atatsekedwa mu 1973, njira yakale yopita kumwera, imene mabanja ambiri ankadzera popita ku tchuthi, ku sukulu za ana ndi kwa madokotala, inavuta kapena kutsekekeratu. Mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975 zinthu monga sopo, mafuta ophikira ndi zitsulo za magalimoto zinayamba kusowa, ndipo nyumba ya alendo ya mu mzinda inasanduka malo omvera kumene katundu wafika. Mzindawo sunali wa mtendere nthawi zonse, pakuti asilikali a Rhodesia anaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka mu 1978, ndipo mu 1979 anaukira nyumba ya Joshua Nkomo, mtsogoleri wa gulu la ZAPU, ndiponso nyumba ina ya gululo mu Roma momwemo.

M'zaka zomwezo funso lalikulu kuposa la mpumulo linafunsidwa mu Lusaka. Mu 1971 John Gatu wa mpingo wa Presbyterian ku Kenya anapempha kuti amishonale ndi ndalama zochokera kunja ziyambe zaima kwa zaka zingapo kuti mipingo ya mu Afirika ipeze mphamvu zake, ndipo msonkhano wachitatu wa All Africa Conference of Churches, umene unachitikira ku Lusaka mu Meyi 1974, unavomereza maganizo amenewa. Mipingo yochepa ndiyo inachita zimenezi kwathunthu, koma mawuwo anasintha mtima wa ntchito, popeza mmishonale amene kale ankalamula tsopano ankabwera poitanidwa, pa mgwirizano wa zaka zowerengeka, pansi pa bishopu kapena sinodi ya eni dziko. Adam Kozłowiecki, Mjezuiti wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau n'kufika ku Kasisi mu 1946, anali atasonyeza kale njira imeneyi pamene anatula udindo wa arkibishopu wa Lusaka mu 1969 kuti Mzambia, Emmanuel Milingo, alowe m'malo mwake. Iye sanabwerere ku Poland kukapumula, koma anabwerera ku mamishoni a kumidzi monga wansembe wamba, nakhala zaka zake zotsiriza ku Mpunde ngakhale atapatsidwa ukadinala mu 1998, ndipo anamwalira ku Lusaka mu 2007 ali ndi zaka 96. Moyo wake ukuonetsa vuto limene amishonale okalamba ambiri anakumana nalo, lakuti pambuyo pa zaka makumi anayi kapena asanu dziko lobadwira limasanduka lachilendo, ndipo zipani zina zinakonza nyumba za okalamba ndi odwala mu Lusaka momwemo kuti amene akufuna kutsala atsale.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 chisamaliro cha amishonale chinasanduka phunziro lokhala ndi akatswiri ake. Misonkhano ya dziko lonse yokamba za ana a amishonale inachitika ku Manila mu 1984, ku Quito mu 1987 ndi ku Nairobi mu 1989, ndipo kumeneko akuluakulu amene anakulira m'sukulu zogonera anayamba kunena poyera za chisoni chimene makolo awo ankachiyesa nsembe yoyenera. Kafukufuku wa bungwe la World Evangelical Fellowship wofalitsidwa mu 1997 anapeza kuti pafupifupi mmishonale mmodzi mwa makumi awiri aliwonse ankasiya ntchito chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ankachoka pa zifukwa zimene zikanatha kupewedwa, monga kusamvana ndi anzawo a pantchito, mavuto a m'banja, kusowa thandizo kuchokera ku mpingo wowatuma ndi kufooka kwa moyo wauzimu. Zotsatira zake zinali zakuti mabungwe ambiri anayamba kukonza m'bindikiro wa mabanja athunthu, wokhala ndi alangizi ndi osamalira ana kuti makolo apeze nthawi. Mliri wa Edzi, umene m'zaka za m'ma 1990 unachititsa kuti abusa, asisitere ndi anamwino a mishoni aziika maliro mlungu ndi mlungu, unaonetsa kuti kutopa kwa mtima kumapha utumiki monga mmene malungo ankaphera thupi, ndipo kutopa kumeneku kunagwera kwambiri antchito a Chizambia amene ankaika abale awo enieni.

Lero Lusaka ndi mzinda wotuma amishonale, osati wongowalandira. Ansembe ndi asisitere a Chizambia ndi a Chimalawi a m'zipani za White Fathers, Ajezuiti ndi zina akutumikira m'maiko ena a mu Afirika ndi ku Ulaya, ndipo akabwera ku tchuthi amafikira m'nyumba zimene anamanga omwe anawabatiza, ali ndi ufulu wofanana wa tchuthi ndi wa m'bindikiro chifukwa malamulo a chipani sasiyanitsanso. Kwa Apulotesitanti okhala ndi mabanja nkhaniyi ndi yolemerapo. Mpingo wa Kabwata Baptist, umene Conrad Mbewe anayamba kuutumikira monga mbusa mu 1987, watuma amishonale kukayambitsa mipingo m'madera ena a Zambia ndi m'maiko oyandikana nayo, ndipo uli ndi mwambo wowaitanira ku Lusaka chaka ndi chaka kuti apemphere pamodzi ndi kufotokozera mpingo za ntchito yawo. Sinodi ya Harare ya CCAP, imene inakula kuchokera pa ntchito imene T.C.B. Vlok anayamba pakati pa Amalawi ogwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero) mu 1912, ndiponso mipingo ya Amalawi ndi Azambia ku Johannesburg ndi ku Britain, ili ndi abusa amene ana awo akukulira m'chilankhulo china ndipo makolo awo akukalambira kumudzi popanda wowayang'anira. Mabungwe a Azungu ankalipira tchuthi cha antchito awo kuchokera ku thumba losonkhedwa m'mipingo yolemera ya ku Edinburgh, Paris ndi Bloemfontein, pamene mpingo wotuma wa ku Lusaka kapena ku Lilongwe umatenga ndalama za basi ya mmishonale, mkazi wake ndi ana ake m'zopereka zomwezo zimene zikufolera tchalitchi, kulipira mbusa wa pamalopo ndi kuthandiza pa maliro.